Voti ya Malemu Nankhoma

Mukadutsa mapiri onse amene mumawadziwa, n'kuwoloka mtsinje umene mlatho wake adautsegulira kanayi koma osaumanga, mwafika mu ufumu wa Tidyeretu. Anthu ake ndi aulemu, amagwada bwino, ndipo pa zaka zisanu zilizonse amachita chisankho. Musaganize kuti amasankha mfumu. Mpando umenewo uli ndi mwini wake, Mfumu Chikhalirenicho Wachitatu, amene adaukhalira mpaka udaloweza thupi lake. Chimene anthu amasankha ndi aphungu okakhala m'Nyumba ya Zoonadi, kumene ntchito ndi imodzi yokha: Mfumu ikayankhula, onse amadzuka n'kunena kuti, "Zoonadi." Pa ntchito yothyola msana imeneyi phungu amalandira galimoto, mafuta ake, ndi dzina lakuti Olemekezeka.

Kuvota kwa ku Tidyeretu sikulira pepala. Opikisana amawaimika pabwalo, n'kuwamanga nsalu yakuda kumaso, ndipo ovota amakandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Kenako mlembi wa Mfumu amabwera ndi mabuku ake kudzawerenga mitu. Nsaluyo amati ndi yoteteza chinsinsi cha ovota, ngakhale dera lonse limakhala likuona amene waima kumbuyo kwa yani. Wosaona amakhala mmodzi yekha, yemwe ndalama zake zadyedwa.

Ndipo zimadyedwadi. Munthu wa ku Tidyeretu saima kumbuyo kwa mnzake chimanjamanja. Kale kunkakwana sopo ndi mchere, kenako kudabwera shuga, mabulangete ndi zitenje za nkhope. Mayi mmodzi ankatha kuvala zitenje zitatu za opikisana atatu, china pamwamba pa chinzake, n'kumasintha chapamwamba malinga ndi galimoto imene yaima. Palibe ankati n'chinyengo. Ankangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa m'manifesito ndi wa mphepo.

Chaka chimene ndikunenachi Mfumu idaitanitsa nduna zake itaipidwa kwambiri. Sikuti ziphuphu zidainyansa. Idangomva kuti shuga ndi zitenje zonsezo zimagulidwa kwa amalonda a kunja, ndipo m'thumba mwake simugwa kanthu.

"Anthu anga akugulidwa ngati nkhuku," idatero Mfumu, "koma mwini khola sakulawako ngakhale nthutumba."

"Zoonadi," zidayankha nduna.

Nduna ya Nkhalango idakumbutsa mwaulemu kuti ku fakitale ya matabwa ya Mfumu matabwa akutha ndi chiswe, poti anthu adasiya kumanga nyumba zofolera. Nduna ya Chilungamo idatsokomola, n'kunong'onezana ndi Nduna ya Mizimu. Pofika masana lamulo lidali litatuluka, ndipo ng'oma zidalilengeza m'misika yonse. Kupatsa munthu wamoyo mphatso iliyonse nthawi ya kampeni ndi mlandu, ngakhale ikhale nthochi imodzi. Koma popeza Tidyeretu ndi dziko lolemekeza maliro, wopikisana aloledwa kupereka bokosi kwa womwalira. Bokosilo ligulidwe ku fakitale ya Mfumu, ndipo dzina la wolandira lilembedwe m'Buku la Malemu kuti pasakhale chinyengo. Nduna zidaomba m'manja mpaka zikhato kufiira, ndipo nyuzipepala ya Mfumu idalemba kuti katangale waikidwa m'manda.

M'dera la Gwiransoni mudali bambo wina dzina lake Zakeyo Kamtedza. Anthu ankamutchula mwini chigayo cha pamsika, iye n'kumavomera, koma zoona zake chigayocho chidali cha mkazi wake, Esnati Nkhoma, amene aliyense ankamuitana kuti Nankhoma. Mayiyu adasenza madengu a nyemba zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, msika ndi msika, mpaka adagula injini, ndipo mapepala onse adali m'dzina lake. Chigayocho n'chimene chinkawadyetsa, n'chimenenso chinkaphunzitsa mwana wawo Tiyanjane kusukulu ya unamwino. Zakeyo adali mkamwini m'mudzi mwa mkazi wake. Ntchito yake pachigayo idali kukhala pakhomo atavala jekete, n'kumakalipira nkhuku zotola madeya.

Chimene chidamulowetsa ndale sichidali njala ya anthu kapena mlatho uja. Pa ukwati wina adamukhazika pampando wakutsogolo, kenako n'kumudzutsa pakati pa nyimbo chifukwa Olemekezeka a Mkonono afika. Zakeyo adamalizira ukwatiwo atakhala pa njerwa. Kuyambira tsikulo mtima wake sudakhalenso m'malo.

A Mkonono adali mlamu wake wa Mfumu, ndipo adaimira Gwiransoni zaka khumi ndi zisanu. M'Nyumba ya Zoonadi ankadziwika ndi luso lodzidzimuka pa nthawi yake n'kunena "Zoonadi," ngakhale masiku ena ankachedwa, yawo n'kumveka payokha anzawo atakhala kale pansi. Zakeyo adaona kuti munthu wotere ngosavuta kumugwetsa. Adalemba ntchito Jubeki, mkulu wa magalasi akuda amene adayendetsapo kampeni ya pafupifupi aliyense m'deralo. Olemba ntchito ake ena adapambana, ena adagwa, koma Jubeki chisankho chilichonse ankatulukamo ndi malata atsopano.

Mwezi woyamba udali wowawa. Anthu a ku Gwiransoni ndi amakani, sankafuna kufa. Mwezi wonse kudamwalira awiri okha, ndipo mmodzi adali mlendo wopanda abale ovota. Zakeyo adayamba kuyendera odwala m'makomo ndi kuchipatala, atanyamula tepi yoyezera m'thumba la jekete. Akafunsa kuti, "Mukupezako bwanji?" wodwala n'kuyankha kuti akupezako bwino, nkhope yake inkagwa moonekeratu. Agogo ena amene adawayendera katatu adamuuza kuti asiye kudzivutitsa, akadzafuna kufa adzamutumizira uthenga.

"Bwana, mwawerenga bwino lamulo lija?" adafunsa Jubeki tsiku lina. "Silikunena kuti munthu aikidwe m'manda. Likunena kuti alembedwe m'buku. Kulemba ndi kufa n'zosiyana."

Zakeyo adamwetulira. Adadziona kuti ndi wochenjera kuposa nduna zonse za Mfumu, ndipo sadadzifunse kuti khomo lalikulu chotero lidasiyidwiranji pululu.

Adayambira kumsika. Woyamba kumufikira adali mayi Nachisale, wogulitsa tomato, amene mawu ake ankamveka kuchokera kumatebulo a nsomba mpaka kokwerera basi.

"Ndiye mukuti ndikalembetse kuti ndinafa?" adafunsa mayiyo, akupukuta tomato ndi chitenje.

"Papepala pokha, mayi," adatero Jubeki. "Bokosi ndi lanu, la mkungudza, zogwirira zake zonyezimira. Tsiku la chisankho mungokumbukira amene anakulirani."

"Nanga msonkho wa pamsika uno, wakufa amalipira?"

Jubeki adakanda kumutu. "Wakufa alipira bwanji, mayi?"

"Ndiye mumachedweranji?" adatero Nachisale, akuvundikira tomato wake. "Ife tinafa kalekale, chinkangosowa n'chidindo. Tiyeni."

Pofika Loweruka mzere wa pa ofesi ya mlembi wa Mfumu, a Chidindo, udali utazungulira mpanda. A Chidindo adali munthu wosafunsa mafunso opweteka. Womwalira akafika yekha, ankamufunsa dzina, mudzi ndi matenda amene adamutenga, n'kumupepesa, n'kudinda. Ngolo zinkatuluka ku fakitale ya Mfumu zitadzaza mabokosi, lililonse litalembedwa dzina la mwini wake ndi mawu akuti Mphatso ya Zakeyo Kamtedza.

Ndinene chilungamo, mabokosiwo adali abwino. Anthu adapeza kuti chimanga chosungidwamo makoswe sachifika. Ena ankagonamo, ena adasandutsa benchi ya alendo, ndipo chivundikiro chidakhala chitseko cha bafa m'makomo ambiri. Nachisale adayala tomato pamwamba pa lake. M'mawa anthu ankapatsana moni wakuti, "Mwafa bwanji?" wina n'kuyankha kuti, "Tafa bwino, kaya inu anzathu." Wokhometsa msonkho akafika pamsika ankapeza malemu okhaokha akugulitsa usipa, n'kubwerera malisiti ali osang'ambidwa.

A Mkonono sadachite kanthu. Sadagule bokosi ngakhale limodzi, sadachititse msonkhano, ankangogona pakhonde pawo chipewa chili kumaso. Anthu ankawanyoza poyera kuti munthu woumira chotere sadaonekepo, nyengo yonse ya kampeni osapha ngakhale munthu mmodzi. Zakeyo akamva zimenezi ankayenda chifuwa chili patsogolo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umenewu ku Gwiransoni padalibe womukumbutsa.

Vuto lidali lakuti mtengo wa mabokosi unkakwera sabata iliyonse, poti wogulitsa adali mmodzi. Zakeyo adagulitsa ng'ombe zake ziwiri, njinga yamoto, ndi kadimba kamene adasiyiridwa ndi amalume ake. Atapha anthu mazana asanu ndi limodzi, m'thumba mudatsala mphepo.

"Amoyo akwiya, bwana," adatero Jubeki. "Akuti mwawasankha. Akufunsa kuti iwo analakwanji kuti asafe nawo. Mukapanda kuphako mazana atatu ena, mpando uja muusiye."

Zakeyo adapita kuchigayo masana, nthawi imene injini imapuma. Adapeza Nankhoma akusesa, tsitsi ndi nsidze zitayera ndi ufa. Mayiyu bokosi adalikana kuyambira tsiku loyamba. Ankati iye adzafa kamodzi, ndipo tsikulo silidzafuna kampeni.

"Mayi a Tiya," adayamba Zakeyo, akusisita manja, "chigayochi chakalamba. Bwanji tichigulitse? Ndikalowa m'Nyumba ndikugulirani zitatu, zamagetsi."

Nankhoma adaimika tsache. "Bambo a Tiya, ng'ombe mwadyetsa anthu, ndakhala chete. Dimba mwadyetsa anthu, ndakhala chete. Zinali zanu. Ichi ndinachisenza pamutu panga, dengu ndi dengu, ndipo mwana wanu akuphunzira ndi phokoso lake."

"Mukufuna ndigwe pamaso pa anthu?"

"Tsiku la chisankho ndidzaima kumbuyo kwanu, popanda bokosi, popanda shuga, chifukwa ndinu mwamuna wanga. Voti yanga mwaipeza yaulere. Chigayo ayi."

Adatola tsache n'kupitiriza kusesa. Zakeyo adatuluka akung'ung'udza kuti voti imodzi angaphikire chiyani.

Jubeki atamva nkhaniyo adavula magalasi ake, chinthu chimene ankachita pokhapokha akafuna kunena zoipa kwambiri. "M'malamulo a Mfumu, bwana, katundu wa mkazi womwalira amapita kwa mwamuna wamasiye. Ndipo wamasiye amagulitsa chimene wafuna."

"Mkazi wanga ali moyo."

"Mayi Nachisale nawonso ali moyo. Ndi mzere umodzi chabe m'buku. Wogula ndili naye, ndipo wavomera kudzatenga chigayocho chisankho chitatha, ndiye mayi sadziwa kanthu. Mukapambana muchiwombola, mayi muwaukitsa, nkhani yatha. Olemekezeka amaukitsa akufa ndi foni imodzi."

Zakeyo adakana tsiku limodzi lathunthu, ndipo pambuyo pake ankakonda kulikumbukira tsiku limenelo ngati umboni wakuti adali munthu wabwino. Mawa lake adali mu ofesi ya a Chidindo, chipewa chili m'manja.

"Dzina la malemu?"

"Esnati Nkhoma."

"Anatisiya ndi chiyani?"

"Chifuwa," adatero Zakeyo motsitsa. "Fumbi la chigayo."

"Pepani kwambiri, a Kamtedza. Anali mayi wolimbikira ntchito." Chidindo chidagwa papepala.

Pawindo la ofesiyo pankalowa kulira kwa injini ya chigayo, kutsidya kwa msika, kumene malemuwo adali kugayira anthu chimanga. Zakeyo adachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, ndipo adayenda nawo mpaka pachipata. Pamenepo adakumana ndi gulu la amayi likuimba dzina lake, ndipo manyaziwo adasungunuka. Wogula adali munthu wa suti yotuwa amene sadatchule dzina la bwana wake. Bokosi la Nankhoma, poti lamulo linkati lituluke basi, adakalibisa kwa Jubeki. Sabata imeneyo ku Gwiransoni kudamwalira anthu mazana atatu, onse akuseka.

Tsiku la chisankho kudacha bwino. Pabwalo adaimika Zakeyo ndi a Mkonono, n'kuwamanga nsalu zakuda kumaso. A Mkonono adapempha mpando, ndipo posakhalitsa adayamba kuwodzera. Zakeyo adaima chilili, akumva mapazi akusonkhana kumbuyo kwake, nyimbo, nthungululu, fumbi likumulowa m'mphuno. Mzere wake udatuluka m'bwalo, n'kudutsa pamsika, n'kukathera kumtsinje wopanda mlatho uja. Kumbuyo kwa a Mkonono kudaima anthu khumi ndi mmodzi: akazi awo atatu, dalaivala, ophika ndi alonda. Amoyo otsala a m'deralo, amene sadalandire kanthu kwa aliyense, adakhala kunyumba. Adati sangapse ndi dzuwa kwaulere.

Pafupi penipeni, kumbuyo kwa khosi lake, Zakeyo adamva fungo la ufa wa mgaiwa. Adadziwa amene waima woyamba pamzere.

A Chidindo adafika ndi mabuku awiri, limodzi lopyapyala, lina lonenepa. Adatsegula lonenepalo.

"Tisanawerenge mitu, tiyambe talemekeza amene anatisiya," adalengeza. "Aliyense womva dzina lake m'Buku la Malemu atuluke pamzere, akapume pansi pa mitengo iyo. Wakufa saima pamzere wa amoyo."

Anthu adaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Asilikali a Mfumu atayandikira ndi zibonga, kusekako kudachepa. A Chidindo adayamba kuwerenga, dzina ndi dzina, mosafulumira, akunyowetsa chala potembenuza tsamba. Zakeyo sankaona kanthu. Ankangomva mapazi amene adawagula aja akuchoka awiriawiri, nyimbo ikucheperachepera, mpaka mphepo idayamba kumuomba kumsana.

"Ndiye mavoti athu atayika?" adafunsa bambo wina kumitengo kuja.

Apa padaimirira Nduna ya Mizimu, imene idabwera dala kuchokera ku likulu. "Musadere nkhawa," idatero mokoma. "Mfumu yathu siyingalande ufulu wa munthu chifukwa choti wamwalira. Koma mukudziwa mwambo wa makolo: mizimu siyankhula yokha, imayankhula kudzera mwa Mfumu. Malemu onse a ku Gwiransoni anaonekera kwa Mfumu m'maloto, ndipo onse mogwirizana anasankha Olemekezeka a Mkonono."

A Mkonono adadzidzimuka atamva dzina lawo. "Zoonadi," adatero.

"Taonani, anzanga," adamveka Nachisale pansi pa mtengo, "kufa kumasinthadi munthu maganizo. Ndili moyo bambo amenewa sindinkawafuna n'komwe."

Ena adaseka, ena adatukwana chapansipansi, koma palibe adasuntha. Aliyense adali ndi bokosi kunyumba, ndipo munthu amene wadya kale sakhala ndi mawu ambiri.

Ng'ombe, dimba, njinga, zonse Zakeyo adaziona zikudutsa mumdima wa nsalu ija. Koma fungo la mgaiwa lidali likadalipo kumbuyo kwake. Munthu mmodzi adali asadachoke, ndipo Zakeyo adayamba kupemphera kuti bukulo lithere pomwepo. Adamva tsamba lomaliza likutembenuzidwa.

"Esnati Nkhoma."



"Ndine pano," adayankha Nankhoma, "koma mwalakwitsa, a Chidindo. Ine bokosi sindinalandire, ndipo ku ofesi kwanu sindinapondeko."

"Buku sililakwa, mayi. Munatisiya mwezi watha, ndi chifuwa. Amene anadzanena za imfa yanu ndi amuna anu, a Kamtedza. Iwowo ndi amene analandira chigayo ngati amasiye, n'kuchigulitsa kwa mthenga wa Olemekezeka a Mkonono. Makiyi mupereka mawa. Pepani ndi zovutazi, ndipo chonde tulukani pamzere."

Nankhoma sadakuwe, sadalire. Zakeyo adamva mpweya wake pakhosi, kamodzi, kawiri, ngati akudikira kuti mwamuna wake atembenuke anene kuti ndi bodza. Zakeyo sadatembenuke. Kwa nthawi yoyamba adathokoza amene adayambitsa mwambo wa nsalu yakumaso. Kenako fungo la mgaiwa lidachoka.

Zotsatira zidalengezedwa nthawi yomweyo. A Mkonono adapeza mavoti mazana asanu ndi anayi ndi khumi ndi awiri, ya Nankhoma ili momwemo. Zakeyo sadapeze kanthu, ngakhale yake yomwe, poti munthu sangaime kumbuyo kwa iye mwini. Atamumasula nsalu, chinthu choyamba kuona chidali Jubeki atakhala kutsogolo m'galimoto ya a Mkonono, akupukuta magalasi.

Ku likulu Mfumu idayamikira mtendere umene udalipo pachisankho, ndipo idatulutsa lamulo lina madzulo omwewo. Malemu salandira feteleza wotsika mtengo, salowa m'chipatala cha Mfumu, ndipo wofuna kubwerera m'buku la amoyo alipire msonkho wa kuuka, umene udaposa mtengo wa bokosi pang'ono. "Zoonadi," idatero Nyumba. Pamsika Nachisale adati iye adikira chisankho chotsatira, mwina kudzapezeka wopikisana woukitsa anthu kwaulere.

Zakeyo sadalimbe mtima kupita kunyumba tsikulo. Adafika mawa lake dzuwa litakwera, akuyenda m'mbalimbali mwa mipanda. Pakhomo adapeza anthu atakhala monga amakhalira pamaliro, abambo uku, amayi uko, onse ali duu. Pakati pa bwalo padali mpando umodzi, beseni la madzi, sopo ndi lumo. Pambali pake padali bokosi la mkungudza lolembedwa Esnati Nkhoma, Mphatso ya Zakeyo Kamtedza. Jubeki adali atalitumiza pangolo m'mawa, ndi uthenga wakuti kwake malo achepa.

Nankhoma adakhala pamphasa pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba. Makiyi a chigayo adali atapereka kale. Dengu lake lakale, limene lidapachikidwa kudenga zaka zambiri, lidali pambali pake atalikuntha fumbi.

A Malizani, mlongo wake wamkulu wa Nankhoma, adaimirira. Adali munthu wodekha, woyankhula ngati akuyeza mawu pasikelo.

"Alamu, takulandirani. Khalani pampandopo."

Zakeyo adakhala.

"Tamva dzulo pabwalo kuti mlongo wathu anatisiya mwezi watha. Zatipweteka kuti inu, amene tinakupatsani malo m'mudzi muno, simunatitumizire uthenga, mwalira nokha mwezi wathunthu. Komabe mwambo mukuudziwa. Mkazi akamwalira, mkamwini timamumeta, timamusudzula, abwerere kwawo akayambe moyo wina. Zovala zanu tailongedza m'bokosimo, poti ndi katundu yekhayo amene munagulira mlongo wathu."

"Alamu, musatero," adatero Zakeyo. "Zija zinali za papepala chabe. Si uyo ali apoyo, akusankha nyemba?"

A Malizani adayang'ana kukhonde, n'kuyang'ananso Zakeyo. "Ife sitikuona munthu. Tikuona zimene munakalembetsa. Chigayo chinapita ndi pepala lomwelo, ndipo sitinamve mukunena kuti ndi za papepala chabe. Tiyanjane tamulembera kalata kuti abwere, poti sukulu yake inali m'chigayomo. Zoti mayi ake anamwalira ndi chiyani mudzamufotokozera nokha akadzakupezani kwanuko."

Zakeyo adayang'ana anthu onse aja, ambiri a iwo malemu ake omwe, amene chimanga chawo chidali m'mabokosi a ndalama zake. Palibe adamuyang'ana kumaso. Mantha adamugwira, chifukwa kwawo adachokako zaka makumi awiri zapitazo ndipo dimba lomwe likadamulandira adali atalisandutsa matabwa. Adatsika pampando, n'kugwada moyang'ana kukhonde.

"Mayi a Tiya, ndinalakwa. Tanenaniko kanthu. Mawu anu okha ndi amene angathetse nkhaniyi."

Nankhoma adatola kamwala m'nyemba, n'kukataya pansi. Sadadzutse mutu.

"Achimwene," adatero, "auzeni bambowo kuti wakufa sayankhula yekha. Ngati akufuna kumva maganizo anga, akafunse kwa Mfumu."

Kutsidya, kumsika, injini ya chigayo idalira, anyamata a a Mkonono atailiza koyamba. A Malizani adaviika lumo m'madzi, n'kugwira mutu wa Zakeyo.